ZA KAPHUNZITSIDWE KA CHINKHWE

Mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinkhwe, mbalame imene ambiri a inu munangoimvera mbiri, ndipo ena munaiona m'khola la waya pakhonde la munthu wa m'tauni. Mbalameyi ili ndi mlomo wokhota ngati mbedza, lilime lonenepa, ndi zala zinayi kuphazi, ziwiri zoloza kutsogolo ndi ziwiri zoloza kumbuyo, kotero kuti igwira chakudya ndi phazi nkuchifikitsa kukamwa monga munthu achitira ndi dzanja. Koma chimene chinaitchukitsa ndi pakamwa pake, pakuti itha kutola mawu a anthu ndi kuwabwereza. Alendo akamva chinkhwe chikuti "Moni" kapena "Odi", agwira pakamwa, ena nanong'onezana kuti mwini wake ali ndi mankhwala. Mankhwala palibe. Pali njira yake, ndipo njirayo ndi yofatsa koposa mmene ambiri aganizira. Munthu amene saidziwa asandutsa mbalame yanzeru kukhala yoluma, yosokosa ndi yodzithothola nthenga, naikhalitsa m'masautso zaka makumi.

Mitundu ya zinkhwe padziko lapansi ipitirira 350. Chodziwa kulankhula koposa ndi chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira, chimene kwawo ndi m'nkhalango zowirira za ku Congo, Cameroon ndi Gabon, kufikira ku Ghana chakumadzulo ndi ku Uganda chakum'mawa. Kuli tina tating'ono ta mchira wautali ta ku Australia, timene John Gould anafika nato ku England mu 1840, ndipo lero tasefukira m'nyumba za anthu m'maiko ambiri. Kwathu kuno zinkhwe ziliponso, ngakhale sizidziwika ndi kulankhula. Ku nkhalango ya Liwonde kuli tizinkhwe tobiriwira ta nkhope yofiirira, togona m'mphako za mitengo ya tsanya, timene mu 1894 akatswiri a mbalame anatitcha dzina la mayi wina wa ku England, Lilian Sclater.

Tisanafike pa kaphunzitsidwe, mawu awiri kwa inu anyamata a ulimbo ndi malegeni. Chinkhwe chogwidwa kuthengo sichoweta. Chakula chidziwa kuti dzanja la munthu ndi imfa, ndipo mantha amenewo sachoka msanga. Zambiri zifera m'mabokosi zisanafike kwa wogula. Malonda amenewa pamodzi ndi kudula mitengo anatha zinkhwe zotuwa ku Ghana, kumene ofufuza anapeza kuti kuyambira mu 1992 zoposa 90 pa 100 zilizonse zinazimirira. Nchifukwa chake mu 2016, pamsonkhano wa ku Johannesburg, maiko a m'pangano la CITES analetsa kugulitsa kunja zinkhwe zotuwa zogwidwa kuthengo. Kuno nakonso lamulo la zanyama zakuthengo liletsa kugwira kapena kusunga mbalame yotetezedwa popanda chilolezo cha boma. Tsono zonse tinene m'munsimu zikhudza mbalame yoswedwa pakhomo pa woweta wololedwa, kapena imene inagwera kale m'manja mwa anthu ndipo singathe kubwerera kwawo.

Kodi chinkhwe chilankhuliranji? Funso limeneli ndilo tsinde la nkhani yonse. Chinkhwe ndi mbalame ya m'gulu. Chidya m'gulu, chigona m'gulu, ndipo chikasiyana ndi zinzake chiitana kufikira ziyankhe, pakuti mbalame yotsala yokha ndiyo ndiwo ya kabawi. Kalilidwe kake kambiri sichibadwa nako monga tambala abadwa ndi kokoliriko wake, koma chiphunzira kwa zinzake. Ku Venezuela, Karl Berg ndi anzake anasinthanitsa mazira a tizinkhwe ta kumeneko m'zisa, nalengeza mu 2011 kuti anapiye anatola kalilidwe kofanana ndi ka makolo owalera, osati ka makolo oikira mazirawo. Tsono mbalame yotere ikakhala m'nyumba ya anthu, gulu lake ndi anthuwo. Ikamatsanzira kutsokomola kwa agogo, kulira kwa chitseko ndi dzina limene mayi aitanira mwana, ingochita chimene ikadachita kunkhalango: kulankhula monga alankhulira a kwawo kuti iwerengedwe mmodzi wa iwo. Munthu akamvetsa ichi, aleka kuyesa chinkhwe ngati chidole cha pakhonde.

Njira ya kuphunzitsa mwaidziwa kale pang'ono, ngakhale simunaitchule dzina. Taonani nkhuku za pabwalo panu. Mayi akangogwedeza lichero, zithamangira kwa iye kuchokera kudzala ndi kuseri kwa nkhokwe. Ndani anazikwapula kuti zizitero? Palibe. Zinaona kuti lichero likalira, misere igwa pansi. Nyama iliyonse ibwereza chimene chinaibweretsera zabwino, nisiya chimene sichibweretsa kanthu.

Amene analongosola bwino lamuloli ndi mphunzitsi wina wa ku America, B. F. Skinner. Mu 1943, nkhondo yaikulu ili mkati, iye ndi ophunzira ake awiri, Keller Breland ndi Norman Guttman, anali kugwira ntchito ndi nkhunda m'chipinda cha pamwamba pa chigayo chachikulu cha tirigu mumzinda wa Minneapolis. Tsiku lina anafuna kuphunzitsa nkhunda kukankha kampira kamtengo ndi mlomo. Anaika kampirako, nakonza mbewu, nadikira kuti ikangokankha aipatse. Anadikira, nadikirabe, nkhunda osachita kanthu. Atatopa anasintha nzeru: anayamba kuipatsa mbewu ikangoyang'ana kampirako. Itazolowera, analeka, nadikira kuti isendeze mutu chakomweko. Kenaka kuti ikakhudze. Kenaka kuti ikakankhe ndithu. Posapita mphindi zambiri kampira kanali kugunda makoma a bokosi, ndipo anthu atatu aja anangoyang'anizana modabwa. Anali atapeza kuti ntchito imene nyama singaichite mwa iyo yokha nkamodzi komwe, ingathe kuumbidwa monga mayi aumbira mbiya, kuwonjezera dongo pang'ono pamwamba pa linzake. Makolo athu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Breland ndi mkazi wake Marian anatenga njira yomweyi naphunzitsa nayo nkhuku, nkhumba, zinkhwe ndi nyama zina za mitundumitundu, ndipo ophunzitsa zinkhwe abwino aitsata kufikira lero.

Tsono tiyese kuti chinkhwe chafika pakhomo panu. Masiku oyamba musachifunse kanthu. Ikani khola lake pamalo pamene anthu akhala nacheza, mbali imodzi itsamire khoma kuti chisaope za kumbuyo, ndipo muzikhala chapafupi mukusenda chimanga kapena kusoka, mukulankhula motsitsa. Muzipenyetsetsa chimene chiyamba kutola m'mbale yake. Kaya ndi njere ya mpendadzuwa, kaya kachidutswa ka nthochi, chimenecho muchichotse m'mbale ya masiku onse nimuchisunge kuti chikhale malipiro a sukulu. Sitinena kuti mbalame igone ndi njala, ayi. Idye mokwanira, koma chokoma koposa chizichokera m'dzanja lanu. Ndipo chikhale chaching'ono, chomeza kamodzi, kuti phunziro lisaime.

Phunziro loyamba ndi la kamtengo. Tengani kamtengo kowongoka kotalika ngati supuni, mulowetse nsonga yake m'khola. Chinkhwe chikakayang'ana, nenani "Eya!" nimuchipatse njere. Chikasendera, chimodzimodzi. Chikakhudza nsonga ndi mlomo, chimodzimodzi. Apa pali chinthu chimene ambiri aphonya, ndicho nthawi. Mawu aja a "Eya!" amveke pa kamphindi komweko kamene mbalame yachita chimene mufuna, pakuti ndiwo auza mbalame kuti "icho wachitacho ndicho ndikulipira". Mukachedwa, chinkhwe chikhala chitatembenuka kale kapena chitayamba kukanda mutu, ndipo mudzakhala mwalipira kukanda mutu. Ena agwiritsa ntchito kachitsulo kolira kuti "ke" pokadina, koma pakamwa panu pakwanira, malinga mawu akhale amodzimodzi masiku onse. Chinkhwe chikadziwa kutsata kamtengo, muli ndi chingwe chosaoneka: mutha kuchitsogolera kutuluka m'khola, kubwereramo, kutembenuka, ndi kukwera padzanja, osachigwira konse.

Kukwera padzanja kuumbidwa mwa njira yomweyo. Poyamba mulipira kuyandikira dzanja, kenaka kuika phazi limodzi, kenaka onse awiri, kenaka kukhalapo pamene mukweza dzanja pang'ono. Dzanja likhale lolimba, chifukwa chinkhwe chiyesa nthambi ndi mlomo chisanaponde, ndipo amene athawitsa dzanja poona mlomo achiphunzitsa kuti iye ndi nthambi yovunda. Mbalame ikakakamira pasitepe ina, bwererani pa imene inakhoza. Sukulu ikhale ya mphindi zisanu, kawiri kapena katatu patsiku, ndipo muleke mbalame ikadafunabe.

Chimene chivuta anthu ambiri kuvomera ndi ichi, chakuti mbalame iloledwe kukana. Mukapereka dzanja nichibwerera m'mbuyo, chotsani dzanja, mudzayesenso nthawi ina. Ena adzati kumeneko nkulekerera, ndipo mbalame idzakula mwano. Ife tikuti ayi, ndipo chifukwa chake nachi. Chinkhwe sichiluma mosachenjeza. Chiyamba chapendekera kutali ndi dzanja, chiimika nthenga za pakhosi, chitambasula mchira, mwana wa diso lake achepa nakula, achepa nakula mofulumira, chiyasamula mlomo. Konseko chikunena kuti "Ndisiyeni." Munthu akapanda kumva nakankhabe dzanja, chiluma, ndipo dzanja lichoka. Nanga chaphunzira chiyani? Chaphunzira kuti kuchenjeza nkutaya nthawi, koma kuluma ndiko kumveka. Mawa chidzayambira pa kuluma. Zinkhwe zambiri zotchedwa zolusa zinaphunzitsidwa ukali mwa njira imeneyi, ndi eni ake omwe, iwo osadziwa.

Za kumenya tinene mwachidule. Kukwapula chinkhwe, kuchigwedeza, kuchithira madzi kumaso kapena kumenya khola kuchiletsa kanthawi kochepa, koma mtengo wake ndi waukulu. Mafupa a mbalame ndi opepuka, sachedwa kuthyoka, ndipo chikumbumtima chake nchachitali: dzanja limene linachimenya chilidziwa ngakhale patapita miyezi. Ndiponso chilango chingonena chimene simufuna, osaonetsa chimene mufuna.

Phokoso ndilo lisiyanitsa anthu ambiri ndi zinkhwe zawo, tsono pano tichedwepo. Kufuula kwa m'mamawa ndi kwa madzulo nkwa chibadwa; ndi nthawi imene gulu liitanizana, ndipo amene sangakupirire asawete mbalameyi. Koma pali kufuula kwina kochita kuphunzira. Mayi atuluka kupita kukhitchini, chinkhwe chiitana motsitsa, palibe woyankha, chikweza mawu, palibe, chikuwa ndi mphamvu zonse, ndipo bambo atulukira ali wofiira maso nakalipa kuti "Khala chete!" Kwa bambo chimenechi ndi chidzudzulo. Kwa chinkhwe ndi chisangalalo chachikulu: chinaitana, wa m'gulu wabwera, ndipo wafuula nacho pamodzi. Mankhwala ake ndi kutembenuza malipiro. Chikaitana motsitsa kapena kuimba mluzu, yankhani msanga ngakhale muli kuseri, mubwere, muchiyamikire. Chikakuwa, musayankhe, musachiyang'ane, mudikire kufikira chitakhala chete kamphindi, pamenepo mubwere. Dziwiranitu kuti masiku oyamba phokoso lidzakula lisanachepe, monga munthu agogoda mwamphamvu pakhomo pamene kale ankamtsegulira msanga. Apa mpamene nyumba yonse iyenera kukhala pa mawu amodzi. Pakapezeka mmodzi wachisoni amene athamangirako chitakuwa nthawi yaitali, waphunzitsa mbalame kuti chofunika ndi kulimbikira, ndipo ntchito ya sabata yonse yagwera m'madzi.

Tibwere tsopano pa kulankhula. Kale anthu ankayesa kuti chinkhwe chingobwereza mawu ngati phanga, osadziwa tanthauzo, ndipo ankachiphunzitsa pobwereza liwu limodzi kambirimbiri, ena atafunditsa khola nsalu. Amene anagwedeza maganizo amenewa ndi mayi wina wophunzira, Irene Pepperberg. Mu 1977 anagula chinkhwe chotuwa cha chaka chimodzi m'sitolo ya ziweto ku Chicago, nauza wogulitsa kuti asankhe yekha, kuti anthu asadzanene kuti anachita kusankha chanzeru. Anachitcha Alex. Njira yake anaitenga kwa Dietmar Todt wa ku Germany naikonzanso, ndipo ifuna anthu awiri. Mmodzi anyamula chinthu, tinene kiyi, nafunsa mnzake kuti "Ichi nchiyani?" Mnzakeyo akayankha bwino, ayamikiridwa napatsidwa kiyiyo, naseweretsa mokondwa, mbalame ikuona. Nthawi zina alakwitsa dala, ndipo wofunsa apukusa mutu nabisa kiyi. Kenaka asinthana, wofunsa akhala woyankha. Chinkhwe chiona kuti liwu lili ndi ntchito, ndiponso chichita nsanje poona wina akulandira zimene icho chifuna, tsono chilowerera. Chikayesa kutchula, ngakhale mopotoka, chipatsidwa chinthu chomwecho chimene chatchula, osati chakudya china, kuti liwu limamatire pa mwini wake.

Mwa njira imeneyi Alex anadziwa maina a zinthu ngati 50, mitundu 7 ya maonekedwe a utoto, mapangidwe 5, ndi kuwerenga zinthu kufikira 6. Akamuonetsa zinthu ziwiri nkumfunsa chimene zifanana kapena kusiyana, ankayankha kuti ndi mtundu, kapena mapangidwe, kapena chimene zinapangidwa nacho. Pakakhala palibe kusiyana, ankati palibe. Akatopa ndi mafunso ankapempha kubwerera kukhola kwake, ndipo akampatsa chakudya chosiyana ndi chimene anapempha, kawirikawiri ankachitaya nabwereza pempho lake. Anafa mu September 2007 ali ndi zaka 31, ndipo nyuzipepala zazikulu za ku America ndi ku England zinalemba za imfa yake monga zilembera za anthu otchuka. Akatswiri ena atsutsabe kuti zimenezi zisatchedwe chilankhulo monga cha anthu, ndipo m'menemo ali ndi mfundo. Koma kuti mbalameyo inkadziwa chimene ikupempha, ife tiona kuti nkovuta kukana.

Musayembekeze kuti chinkhwe chilichonse chidzakhala Alex. Iye ankakhala ndi anthu omlankhula maola ambiri tsiku ndi tsiku. Zina, ngakhale zotuwa, sizilankhula moyo wawo wonse, ndipo sizichepa nazo ulemu. Koma pakhomo pamene pali ana awiri ofatsa, njira ya anthu awiri ija itheka popanda kugula kanthu: wina afunsa, wina ayankha nalandira nthochi. Ndipo mawu azinenedwa pa nthawi yake, "Mwadzuka bwanji" m'mawa povundukula khola, "Madzi" popereka madzi, "Tsalani bwino" potuluka.

Mbalame yodwala kapena yosungulumwa siphunzira. Kuthengo chinkhwe chitha maola ambiri chikuuluka, kufunafuna zipatso ndi kuswa makoko. M'khola chimaliza kudya m'kanthawi kochepa, nichikhala tsiku lonse chopanda chochita, ndipo zina ziyamba kudzizula nthenga kufikira chifuwa chikhala mbee. Chipatseni zotafuna: zitsononkho, nthambi zaziwisi za mitengo yosaledzeretsa, njere zokulungidwa m'pepala kuti chivutike pozipeza. Chidye masamba, zipatso ndi mbewu zosiyanasiyana, osati mpendadzuwa wokhawokha umene uchulukitsa mafuta. Mapeyala ndi poizoni kwa zinkhwe. Chokoleti, khofi, mowa ndi zamchere wambiri nazonso nzoipa, ndipo mtedza wachuku uwononga chiwindi. Utsi wa m'khitchini ndi wa fodya uchipweteka msanga koposa munthu. Chigone maola 10 kapena 12 pamalo amdima ndi abata. Khola lizitsukidwa ndi madzi, osati kusesedwa louma, pakuti m'fumbi la zitosi mutha kukhala matenda ogwira mapapo a anthu, amene mu 1929 ndi 1930 anapha anthu ku Ulaya ndi ku America. Ndipo inu akuluakulu kumbukirani kuti chinkhwe chotuwa chosamalidwa bwino chitha kukhala zaka 40 kapena kupitirira. Wochigula ali ndi imvi ayambe wafunsa ana ake kuti adzachitenga ndani.

Chatsala chinthu chimodzi, chimene inu makolo muyenera kuchimva. Chinkhwe chitola msanga mawu onenedwa ndi mtima wotentha, chifukwa ndiwo amveka mokweza ndipo anthu onse atembenukirako. Liwu limene mwachiphunzitsa mwezi wathunthu chitha kulikana, koma limene linapulumuka pakamwa pa bambo atadzimenya chala ndi hamala chilisunga tsiku lomwelo, nichidzalitulutsa pamaso pa apongozi. Mu 1845, pamaliro a Andrew Jackson, amene anakhalapo mtsogoleri wa dziko la America, munthu wina amene analipo analemba pambuyo pake kuti chinkhwe cha malemuyo chinayamba kutukwana mokweza anthu atasonkhana, kufikira anachita kuchitulutsa m'nyumba. Mawu otere akalowa, kuwachotsa nkovuta, ndipo chowalimbitsa ndi kuseka kwa omvera. Njira ndi yomwe ija ya phokoso: nkhope isasinthe, munthu asayankhe, ndipo liwu labwino likatuluka lilipidwe msanga.

Osunga nyama pamalo otchedwa Lincolnshire Wildlife Park ku England anakumana ndi mlandu umenewu mu 2020. Analandira zinkhwe zotuwa zisanu kuchokera kwa eni osiyanasiyana, naziika m'chipinda chimodzi. Posakhalitsa zonse zinali kutukwana, china chikatukwana zinzake nkumaseka monga zinamvera anthu akuseka. Anazichotsa pamaso pa alendo chifukwa cha ana, nazigawa m'magulu osiyana. Pofika mu 2024 zinapezekanso zina zitatu za pakamwa pomwepo, ndipo osungawo anaganiza zoika zonse 8 pakati pa zinkhwe 92 zosatukwana, kuti zitengere kalankhulidwe ka gulu lalikulu. Mkulu wa pamalopo anavomereza poyera kuti zinthu zitha kutembenuka, iye nkutsala ndi zinkhwe 100 zotukwana.